Chaka chimene thalakitala ya atate inapsa mawaya

Ndimakumbukira kababu ka galimoto komangirira mawaya awiri, kamene atate ankayenda nako m'thumba la malaya nyengo yonse yotentha ija. Akawerama kuti asambe m'manja, kankagogoda beseni. Waya wina ankaugunditsa pa chitsulo cha thalakitala, winawo pamalo amene akuwakayikira. Kababu kakayaka ndiye kuti moto ukufika pamenepo. Kakapanda kuyaka, atate ankatsonya n'kusunthira pena.

Tinkakhala ku Kanyama, komboni ya mumzinda, m'nyumba yopanda magetsi, ndipo thalakitalayo inadzaza bwalo lonse, moti amayi ankayanika zovala pa chiwongolero. Inali yotuwa, yakale kuposa atate eni ake. Anawapatsa pamene famu imene ankagwirako ntchito inatsekedwa. Ku Chongwe, kunja kwa mzinda, atate anali atapemphako malo olima, koma eni malowo ananeneratu kuti mvula yodzalira ya chaka chimenecho ikadutsa osalima, adzapatsa wina. Mawu amenewa ankanenedwa m'nyumba mwathu m'mawa ndi madzulo. Ine ndinali kamtsikana ka ku pulayimale, ndinkangowamva ngati kulira kwa tambala wa aneba.

Loweruka lina atate ali ku Chongwe kozula zitsa, amalume anazula batire la thalakitala kuti anthu aonere mpira pa tivi. Ku Kanyama batire silikhala la munthu mmodzi, ndipo masana amenewo nyumba inadzaza mpaka pawindo. Amalume ankakonza maminibasi pa siteshoni, choncho za mawaya palibe amene akanawatsutsa. Pobwezera batire anayang'ana mmene mawaya anakhalira, n'kuseka. "Wamene anamanga ivi anali wokolewa," anatero, kutanthauza woledzera, ndipo analumikiza mmene iwo ankadziwira.

Atate atabwera analiza injini, inalira bwinobwino. Atangoizimitsa, utsi unayamba kutuluka pansi pa chiwongolero, woyera, kenako wakuda, wonunkha ngati pulasitiki ya kudzala. Atate anathothola waya wa batire ndi dzanja lopanda kanthu. Chikhatho chinatuwa ngati cha munthu wogwira mbaula, koma sanalire. Amene analira ndi amayi.

Kuyambira tsiku limenelo panyumba panalibe wokhala pansi. Atate anasolola mawaya opsawo umodzi umodzi, mphira wake utasungunuka n'kumatirira pa chitsulo, n'kuikapo ena ochokera m'minibasi yakufa. Batire linkapita pa wilibala kokachajitsa, n'kubwera, injini n'kulira, waya n'kuyambanso kutentha, pofika m'mawa batire lafa. Anakwecha dzimbiri paliponse, anamasula sitata, anapukuta dainamo ndi palafini. Aliyense wodutsa anali makanika. Wogulitsa makala anati vuto ndi suwichi. Mayi wina wa kutchalitchi anati ndi nsanje ya anthu, ndipo anasanjika manja pa boneti n'kupemphera mpaka thukuta. Amayi ankatuluka n'kulowa, n'kutulukanso, maso ali kumwamba kumene mitambo inali itayamba kusonkhana. Nanenso zinandilowa, kusukulu matako sankakhazikika pa benchi, mpaka aphunzitsi anandifunsa ngati ndakhalira nyerere.

Atate anafunsa kangapo ngati batire linabwezedwa mmene linalili. "Mushe-mushe, ba mulamu, ine ni nchito yanga iyi," amalume ankayankha choncho kuti zonse zili bwino, akudzigunda pachifuwa. Sankanama, ndipo n'zimene zimandipsetsa mtima mpaka lero. Wabodza umatha kumugwira, koma munthu wolakwa ndi mtima wake wonse amakutayitsa mwezi wathunthu.

Chimene chinaulula nkhani ndi kachidutswa ka chitini. Batire lili ndi mitu iwiri, wonenepa ndi wowonda. Tsiku lina atate akumasula waya waufupi umene umagwira pa thupi la thalakitala, limene amakanika amati bodi, anapeza kuti chogwirira chake n'chachikulu, ndipo wina anapanikizamo kachitini kuti chigwire mutu wowonda. Anachotsa kachitiniko, nayesa chogwiriracho pa mutu wonenepa. Chinalowa ndendende.

"Mulamu, aka kachitini kanabwela bwanji apa?" anafunsa atate.

"Chenze chosagwila, ndiye ninafakako," anatero amalume. "Mu minibasi waya wa ku bodi uyenda ku kamutu kang'ono."

"Iyi si minibasi."

Amalume anakhala masiku osabwera kudzadya kwathu. Ndinadzamva nditakula kuti mathalakitala ena akale anawapanga choncho, moto wake umayenda motembenuka. Atate anali wonyamula matumba pa famu paja, osati dalaivala, ndiye nawonso sankadziwa. Nthawi yonseyi ankabwezera batire mmene analipezera tsiku la utsi lija.

Kudziwa vuto sikunatipulumutse. Kabokosi kamene kamayang'anira moto wochokera ku dainamo kanali katapseratu mkati, ndipo ka mtundu umenewo kanali katasowa kale m'masitolo. Atate anayamba kuyenda kwa ogulitsa zitsulo zakale, lero ku Matero, mawa ku Chawama, kabokosi kakufako kali m'pepala. Ankabwera mapazi ali mbuu, n'kumwa madzi ataimirira, n'kutulukanso. Ali pa maulendo amenewo mvula inagwa, ndipo sinachite zoyerekeza. Ku Kanyama madzi alibe kopita, choncho bwalo lathu linasanduka dziwe, tinkaponda pa miyala popita kuchimbudzi, ndipo achule ankalira pansi pa thalakitala.

Kabokosi kanapezeka Khirisimasi itadutsa, m'lole yakufa kukomboni ya George. Atate anakamanga ataima m'madzi ofika m'akakolo. Anagunditsa waya pa dainamo kamodzi, kamoto n'kuthetheka, ati kuti ikumbukire njira yake yakale. Injini inalira. Anaizimitsa, nagwira mawaya onse ndi chikhatho cha chipsera chija, ndipo anali ozizira. Ana a mumzere wonse wa nyumba zathu tinakuwa ngati chigoli.

Masabata otsatirawo anali okoma kuposa onse a ubwana wanga, sindibisa. Misewu inali matope okhaokha, maminibasi ankatitimira tsiku lililonse, ndipo makondakitala ankathamangira kwathu kudzaitana atate. Ine ndinkakwera pambali pawo pamwamba pa tayala lalikulu, ndikubayibitsa anzanga ngati mkwatibwi, tcheni chikulira kumbuyo. Amalume anabwerera, ndiwo ankakola tchenicho m'matope osayang'ana atate kumaso.

Tsiku lina tikukoka minibasi pafupi ndi msika, ndinakuwa kuposa phokoso la injini kufunsa kuti ku Chongwe tipita liti.

"Gwililila bwino, uzagwa," anatero atate, maso ali kutsogolo.

Ndinagwiritsa, ndikuseka, ndikuona kuti tapambana ndipo Kanyama yense akutisirira. Sindinadziwe kuti m'munda umene atate anazulamo zitsa chimanga chinali chitafika kale m'chiuno, ndipo chinali cha munthu wina.