Mawanga Anapita ku Phiri

Ndikukumbukira m'mawa umene bambo anagawa khola lathu. Tinkakhala ku Nsanje, kufupi ndi Shire. Mvula inali isanayambe. Dothi linkawotcha mapazi, m'khola mukununkha ndowe zouma.

Bambo sankasunga ng'ombe pamalo amodzi. Zina ankakaikiza kwa mnzawo ku Bangula, zina kwa amalume ku mapiri a Chididi. Iliyonse ankayamba aidula khutu kuti idziwike mwini. Chaka chimenecho analoza Mawanga, kang'ombe kakakazi kamene ndinalera ndekha make atafa. Ndinkamumwetsa phala la gaga m'beseni. Ndikaimba mluzu ankabwera chothamanga, n'kumandinyambita m'khosi ndi lilime lokhakhala.

"Bambo, tengani ina."

"Umamukonda?"

"Eya."

"Ndiye apite kumtunda."

Ndinanyanyala chakudya, koma njala inandigonjetsa dzuwa lisanalowe.

Madzi anabwera mu Januwale, masana, kunja kuli ngwee. Mvula inali itagwa kutali. Tinangomva mkokomo, kenako matope ofiira m'mawondo. Bambo anatsegula khola, ife n'kuthawira kusukulu. Ng'ombe zina zinakokoloka. Zina zinadwala mapazi m'matopemo, n'kufa pambuyo pake. Inatsala nkhunzi imodzi yokalamba. A Nyamithambo, oyandikana nafe, amene ankanyadira khola lodzaza, anatsala ndi zingwe zokha.

Madzi ataphwa tinakwera ku Chididi kukatenga zathu. Mawanga ndinamuona patali, wonenepa, khutu lake lomwe lija. Ndinaimba mluzu. Anadzutsa mutu, n'kundiyang'ana akubzikula, basi n'kuweramiranso msipu. Msuweni wanga Fulaki anangoomba m'manja kamodzi, Mawanga n'kumulondola ngati galu.

Ndinalira. Bambo anandiyang'ana.

"Ali moyo?"

"Eya."

"Nanga ukulirira chiyani?"

Lero ndimakolopa m'chipatala muno mumzinda wa Indianapolis, kutsidya kwa nyanja. Tsiku lina pa buleki, pa TV panali anthu a kudziko lozizira kuposa kuno, oweta nyama za nyanga zanthambi. Ankazisamutsa msipu ukakwiririka ndi madzi oundana. Nazonso zinali zodulidwa makutu. Ndinaiwala tiyi mpaka anazizira.

Ng'ombe ndilibe. Ndili ndi ana. Wamkulu ndinamusiya ku Blantyre kwa mlongo wanga, kuti kuno zikavuta tisamire tonse. Wamng'ono, Tadala, wakulira kuno, ndipo akuphunzira unamwino ku South Bend. Lamlungu timamuimbira foni. Ife Chichewa, iye Chingerezi. Amamva zonse, koma kuyankha m'Chichewa ayi.

Sabata yatha mkazi wanga, mayi ake a Tadala, anatseka foni atakwiya.

"Mwamumva mwana wanu? Ngakhale 'zikomo' weniweni wamukanika!"

Inenso zimandiwawa.

"Ali moyo?" ndinafunsa.

"Mwayambatu za ng'ombe zanu zija," anatero, n'kupita kukhitchini.