Amayi a Mapini

Amayi amene amalandira ana ogwidwa ndi apolisi ku ofesi yosamalira ana sakhulupirira kompyuta. Ali ndi mapu a tauni pakhoma, ndipo mwana aliyense akabwera naye wapolisi amamubayira pini. Lamulo lawo ndi limodzi: pini imabayidwa pomwe mwana amagona, osati pomwe wagwidwira. "Msika subala mwana," amatero.

Ndiye amadziwa zonse, kuposa ngakhale ife amiseche. Sukulu zikatsekera, mapini amachuluka. Kale ankabwera anyamata a ndevu zomera kumene, oba njinga. Lero ndi tiana ta zaka khumi ndi ziwiri toba mafoni, ndi atsikana omwe. Kuseri kwa depoti mapu adachita kung'ambika ndi mapini. Msewu wa kwawo kwa amayiwo wokha ndiwo udali woyera, ndipo mlendo aliyense ankaonetsedwa, afune asafune.

Lolemba lina wapolisi adalowa ndi mdzukulu wawo, amene adamulera okha, atagwidwa akuthyola galimoto ku depoti.

Kalaliki adanong'ona: "Amayi, tingobaya ku depoti konkuja. Angaione ndani pini imodzi m'chigulu chija?"

"Iwe, mwanayu amagona ku depoti?"

Adatenga pini nkuibaya pakhomo pawo penipeni. Kenako adakhala pansi, kukoka fomu, nkumuyang'ana mdzukuluyo pamwamba pa magalasi.

"Dzina lako ndani?"

"Agogo..."

"Ndati dzina."

Pini ija ilipobe. Masiku ano mlendo akalowa, amayamba kumuonetsa imeneyo.