Dzuwa la M'chitini

Dzulo wailesi inati akatswiri akufuna kutchera dzuwa kuseri kwa mitambo, n'kumalitumiza pansi ngati magetsi, popanda waya. Anzanga pabawo anaseka. Ine sindinaseke.

Ndili mwana tinkakhala m'nyumba za esiteti ya tiyi. Nthawi ina chiperoni, mvula yowaza ya nkhungu ija, chinagwa osaleka. Amayi, amene ankathyola tiyi m'mame, anagona ndi chifuwa, akunjenjemera pamphasa.

"Likanangotuluka dzuwa, ndikanadzuka," anatero.

Ine ndinkadziwa kumene linali. Pamwamba pa phiri nkhungu sinkafikapo. Ndinatenga chitini cha mkaka chopanda kanthu, n'kukwera m'mizere ya tiyi, kabudula atanyoweratu. Pamwambapo ndinalozetsa chitini kudzuwa mpaka chinatentha. Ndinachitseka msanga, n'kutsika nacho chothamanga.

"Amayi, ndabwera nalo. Musatsegule, lingathawe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anachiika pachifuwa.

"Iii, mwanawe, likuotchatu limeneli!"

Patapita masiku anadzuka, n'kubwerera kukathyola tiyi. Ndinkauza aliyense kuti ndawachiritsa ndine, ndipo amayi sanatsutsepo.

Lero ndakalamba, ndikudziwa. Chitini chija chinafika m'manja mwawo chitazizira ngati mwala wa mumtsinje.