Mayi Mabotolo ndi Chitsime Chachinayi

Anthu ankangowatchula kuti Mayi Mabotolo, chifukwa chikwama chawo chinkamveka gobedegobede iwo asanatulukire. Ntchito yawo inali yoyendera zitsime khumi ndi ziwiri zozungulira mgodi wa malasha. Sizinali zitsime zotungapo madzi akumwa ayi. Chilichonse chinali paipi yopapatiza yozikika pakonkire, yokhala ndi chivundikiro ndi loko. Anazikumba kuti aziona ngati mgodiwo ukuwononga madzi a pansi pa nthaka.

Poyamba mayiwa ankakolopa ndi kutsuka mabotolo mu labu yoyezera madzi. Anagwira ntchitoyo zaka zisanu ndi chimodzi, manja ali m'thovu koma maso ali pa zochita za anzawo. Tsiku lina woyeza zitsime atathyoka mwendo, abwana anafunsa ngati panali wodziwa kuwerenga tepi yoyezera kuya kwa madzi. Mayiwo anatsamiritsa chokolopera kukhoma, ndipo sanachigwirenso.

Akafika pachitsime ankatsitsa tepi yokhala ndi kachitsulo kunsonga. Kachitsuloko kakangokhudza madzi, kabelu kankalira, iwo n'kulemba kuya kwake. Kenako ankapopa madzi okhalitsa n'kutaya, n'kudzaza timabotolo titatu ndi madzi atsopano.

Amuna awo, telala wa pakhonde la sitolo, sankatopa kuwaselewula.

"Akazi a anzanga akapita kuchitsime chimodzi amabwerako ndi ndowa yodzaza. Anga amayendera khumi ndi ziwiri, koma madzi ake osakwana ndi tiyi yemwe."

"Inunso bambo, tsiku lonse mumayeza ziuno za eni ake, koma buluku lanu ndi lomwelo la chaka chatha," ankayankha motero mayiwo akuvula majombo.

Mwezi wina wotentha anafika pachitsime chachinayi. Chitsimechi chinali kumunsi kwa dziwe lomwe mgodi unkathiramo madzi otsukira malasha, ndipo chapatsogolo pake panali mjigo womwe banja lililonse la m'deralo linkamwapo. Atapopa, madzi anatuluka ofiirira ngati dzimbiri. Kachipangizo koyezera asidi kanasonyeza nambala yomwe anali asanaionepo. Anapopanso, n'kuyeza kachiwiri ndi kachitatu. Nambala osasuntha. Anakumbukira kuti pamjigo uja ndi pomwe mchemwali wawo ankatunga.

Zitsime zotsalazo anazisiya kaye, n'kulunjika ku ofesi ya injiniya wamkulu wa mgodi. Mkuluyo anayang'ana botolo padzuwa, n'kulibweza pathebulo.

"Mayi, mwina simunatsuke bwino mabotolo anu."

"Bwana, mundiphunzitse zina zonse, koma kutsuka mabotolo ndiye ayi. Tiyeni mukatunge nokha."

Injiniyayo anapitadi, atavala malaya oyera ndi nsapato zopolisha. Anakana kuthandizidwa, nagwira pampu yekha. Paipi inayamba yatsokomola, kenako inamulavulira madzi pachifuwa ponse. Anayang'ana malaya ake, omwe tsopano anali ngati awaviika m'dothi la katondo.

"Pepani mayi, ndinalankhula mofulumira," anatero.

"Palibe kanthu bwana. Koma musachape ndi madzi omwewa."

Onse awiri anaseka, ngakhale nkhani inali yosaseketsa. Pomwepo injiniya anaimba foni kuti antchito asiye kuthira madzi m'dziwe muja. Ataliphwetsa anapeza kuti pulasitiki yoyala pansi inang'ambika malo aakulu ngati chitseko. Anayala ina. Kwa miyezi ingapo Mayi Mabotolo ankayeza mjigo uja mlungu uliwonse, ndipo madzi ake sanasinthe. Chitsime chachinayi ndiye chinatenga chaka ndi theka kuti chiyerenso.

Mgodi unaganiza zokumba zitsime zina ziwiri pakati pa dziwe ndi nyumba za anthu. Tsiku lokumba, injiniya anapinda mapu ake n'kuwauza mayiwo kuti atsogole. Iwo anayenda patsogolo pa chigalimoto chobowola, chikuwatsatira pang'onopang'ono ngati ng'ombe yoweta, mpaka anaponda pamalo pomwe udzu sunkauma ngakhale m'chilimwe, chizindikiro choti pansi pake pankadutsa madzi.

"Apa," anatero.

Masiku ano mawondo ayamba kudandaula, koma zitsime khumi ndi zinayi amazimaliza pamasiku atatu. Chovuta ndi chomaliza, chomwe njuchi zinamanga pansi pa chivundikiro chake. Amapitako m'mawa kusanafunde, n'kuima chapatali kiyi ali m'manja.

"Odi eni nyumba," amatero chapansipansi. "Sindikhalitsa."