Mwana Wanga Ali ku Kuwadzana

Nditasiya sukulu chifukwa cha mimba, amayi a kumpingo ankabwera kwathu ku Epworth Lachinayi lililonse, atavala zoyera. Mwana wanga atasiya kuyamwa, anandiwerengera za mayi wa m'Baibulo amene anakapereka mwana wake kukachisi. Ankafuna kuti ndipereke wanga kwa azakhali a ku Kuwadzana, omwe sanabereke.

"Ujatu anachita kulonjeza yekha," ndinatero. "Ine ndinalonjeza ndani?"

"Khala chete iwe, n'chifuniro cha Mulungu," anatero amayi anga, uku akupinda kale timalaya take.

Ndikanakana ndikanakagona kuti? Nyumba ndi yawo. Ndinamubereka ndekha mpaka pokwerera kombi. Masiku ano ndikapita kukamuona amanditchula kuti sisi, ngati ndine mchemwali wake, ndipo ndimavomera.