Chulu cha Amayi

Ndikukumbukira chulu chomwe chinali kumapeto kwa munda wathu ku Dambe. Chinali cha amayi, chowasiyira makolo awo. Mvula ikayamba, ankachifunditsa udzu n'kukwirira mphika m'munsi mwake kuti ngumbi zizigweramo. Akakazinga, fungo linkafika mpaka kumsewu, ndipo ife tinkayenda milomo ili noninoni ngati ana a mwini golosale. Ngumbi zikatha pankamera bowa wa utale. M'chilimwe amayi ankapala dothi la m'mbali n'kumwaza m'munda, ndipo chimanga cha pamenepo chinkabiriwira popanda feteleza.

Kenaka kunabwera matipate ndi sukulu yaulere. Tinachuluka mpaka kumaphunzirira pansi pa mitengo. Makolo anagwirizana zoumba njerwa zomangira chipinda chophunziriramo, ndipo aliyense ankadziwa kuti za dothi la pachulu sizing'aluka chisawawa. Bambo anali atangosankhidwa kumene mukomiti ya sukulu, mapewa ali m'mwamba. Anapereka chulucho pamsonkhano osafunsa mwiniwake, anthu n'kuwaombera m'manja.

"Kodi mwaperekadi ndiwo za anawa?" amayi anawafunsa atabwerako.

"Chiswe chimanganso, mayi," anatero bambo. "Ntchito yake ndi yomweyo."

Anthu anachigumula ndi makasu, ife ana tikuponda matope mosangalala. Atafika pansi anapeza make chiswe, woyera, wonenepa ngati chala chachikulu. Mnyamata wina anamuponyera nkhuku. Bambo anayang'ana kumbali, chifukwa nawonso ankadziwa kuti make akafa chulu sichidzukanso. Amayi anatula ndowa ya madzi n'kubwerera kunyumba.

Chipindacho chinamangidwa, ndipo ndinaphunziramo mpaka sitandade 8. Sindingachinyoze. Koma mvula yotsatira ndinaona amayi atatenga dengu kupita kumapeto kwa munda kukayang'ana bowa, ngati kuti sankadziwa. Anangopeza dzenje la madzi ndi achule. Dzinja limenelo tinakhalira chigwada, ndipo zimandiwawa mpaka lero kuti palibe anawapepesa.

Masiku ano mundawo supatsa kanthu popanda feteleza, ndipo ngumbi timachita kugula pamsika m'timbale. Amayi atakalamba ndinawagulirako, poganiza kuti asangalala. Anaziyang'ana nthawi yaitali.

"Za pachulu cha yani zimenezi?" anandifunsa.

Anakankhira mbaleyo kwa adzukulu awo, iwo osalawako ngakhale imodzi.