Nkhope Yogula ku Chipata

Bambo atamwalira sindinalire. Ndinakhala m'nyumba ya siwa pamodzi ndi azimayi ena, nditafunda chitenje kumutu, koma m'maso munali gwa. Anthu a m'mudzi mwathu, kufupi ndi Ludzi, anandinena mokwanira, ati mwana wa geni uyu mtima unauma kalekale ndi fumbi la kuboda. Ndinawamva ndithu, koma sizinandikhudze. Masiku amenewo ndinkadya chifukwa mbale yabwera, ndinkasamba chifukwa kwacha.

Chimene chinandiopsa chinabwera patatha miyezi ingapo. Ndinali m'minibasi, ulendo wa ku Chipata kokaoda zitenje monga ndimachitira sabata iliyonse, ndiye ndinati ndiwaganizireko bambo. Chipewa chawo chinabwera, chakhaki chija chothothoka m'mbali. Manja awo anabwera, akuda bii ndi utomoni wa fodya. Ngakhale kutsokomola kwawo kwa m'mawa ndinakumva. Koma pansi pa chipewacho panalibe kanthu. Ndinatsinzina, n'kuyesanso kuyambira pachibwano kukwera m'mwamba, nkhope inakana. Tinafika paboda, ndinadinditsa chiphaso, ndinawoloka, nkhope osabwera.

Chithunzi chawo tinalibe. Za ukwati wawo zinadyedwa ndi chiswe m'sutikesi ya amayi. Zimene ndinawajambula ine zinapita ndi foni imene anandipisa m'depoti ku Lilongwe. Chiphaso cha unzika achimwene anga anachiika m'thumba la jekete limene tinawaveka bambo powaika, ati munthu asapite wopanda chiphaso. Achimwene anga ndi otero, nzeru zimawafikira dothi litakwiriridwa kale.

Kuseri kwa msika umene ndimaodako kuli kashopu ka bambo wina wogulitsa magalasi ndi mafelemu. Amagulitsanso zithunzi za nkhope za anthu. Akatswiri a ku Lusaka ndi kwina amazijambula ndi penti, kenako makina amazisindikiza zambirimbiri pa pepala lolimba kapena pa nsalu. Si anthu otchuka ayi, ena mwina sanakhaleko n'komwe. Ndinali nditadutsa pakashopupo zaka zambiri osacheuka, koma tsiku limenelo ndinaima. Panali chithunzi cha mayi wina wa duku lachikasu, tsaya limodzi lobiriwira, lina lofiirira, akuyang'ana kumbali ngati wina wamuitana. Sindinganene kuti ndinachikonda. Ndinangoona kuti iyi ndi nkhope yathunthu, mphuno, maso ndi zonse, ndipo mawa ndikadzuka ndidzaipeza ili momwemo. Ndinagula, wogulitsa uja n'kundiuza kuti ndasankha bwino maningi.

Chaka chisanathe ndinali nazo zisanu ndi ziwiri. Ndinkazipinda ngati mphasa, n'kuzibisa pakati pa zitenje kuti zisathyoke m'njira, ndipo kalipentala wina wa pa boma la Mchinji ankandikhomera mafelemu a mtengo wa mlombwa. Ndinaphunzira kusankha. Za pepala lonyezimira ndinazisiya chifukwa zimasuluka dzuwa likamalowera pazenera. Zoseka ndinkazikana, munthu sangakusekere tsiku lonse popanda chifukwa. Ndinkafuna zongoyang'ana basi. Ndikaweruka kumsika ndinkakhala pampando n'kumaziona imodziimodzi mpaka tiyi kuzizira, osaganiza kanthu.

Vuto linali alendo. Kwathu kuno pakhoma sipakhala munthu wachilendo. Pamakhala kalendala, Mtima Woyera wa Yesu, ndi achibale: amene anachita ukwati, amene anamaliza maphunziro, amene anatisiya. Choncho aliyense wolowa m'nyumba mwanga ankaima kaye n'kufunsa kuti awa ndiye ndani. Poyamba ndinkafotokoza kuti sindiwadziwa, ndinangogula. Ankandiyang'ana ngati ndanena kuti ndimaphikira anthu odutsa mumsewu. Mayi wina wa mumphakati wathu anandifunsa ngati sindiopa kukhala ndekha ndi maso a eni ake. Ndinatopa nazo, ndipo ine ndikatopa pakamwa panga sipachedwa. Ndinayamba kuzigawira ubale. Wa duku lachikasu anakhala mayi aang'ono a ku Chipata, mtsikana wa ndolo zazikulu anakhala msuweni wanga wa ku Katete. Mafunso anatha. Ena ankachita kugwedeza mutu n'kumati inde, mphumiyo ndi yanu yomwe.

Chachisanu ndi chitatu chinali cha bambo wachikulire wovala chipewa chakhaki, wa ndevu zotuwa pang'ono, khosi lake litapakidwa utoto wa buluu. Zinalipo zisanu zofanana, zosanjikizana patebulo, ndipo ndinatenga chapamwamba. Ndinachigulira chipewacho, sindibisa. Zoti ankafanana ndi bambo kapena ayi sindikanadziwa, popeza ndinalibe choyerekezera. Chimenechi chokha sindinachipatse ubale, ndipo amene ankafunsa ndinkawafunsa ngati amwa tiyi.

Kenako kunabwera azakhali anga enieni, mlongo wawo wa bambo, amene anatsala wamkulu kuchimuna. Bambo anali mkamwini m'mudzi mwa amayi zaka zonse, koma atamwalira abale awo anawatenga n'kukawaika kwawo, chakufupi ndi Guilleme. Amayi atasudzulidwa, za manda amenewo sankafunsidwanso. Azakhali anabwera kudzandiuza kuti akakolola mtedza amanga chiliza, ndiye ana tikonzeke.

Anakana mpando n'kukhala pamkeka, nsana atatsamira chitseko. Tinalonjerana, anayamba kufotokoza za simenti ndi mmisiri, kenako anakweza maso n'kusiya mawu pakati. Anayang'ana chithunzi cha bambo wa chipewa uja nthawi yaitali.

"Achimwene," anatero motsitsa, ngati akuopa kuwadzutsa. Kenako anatembenukira kwa ine. "Iwe, anawajambula ndani?"

"Anajambula ndi munthu wina wa ku Lusaka," ndinayankha.

Sindinaname. Koma mawu akuti kujambula kwathu kuno ndi amodzi, wa penti amajambula, wa kamera amajambulanso. Azakhali anamva zawozawo. Anayamba kukumbuka okha kuti pa chaka china bambo anawolokadi kukagulitsa mtedza ku Zambia, ndiye kuti anakumana ndi wojambulayo kumeneko, osauza munthu, poti analinso obisa zinthu. Za khosi la buluu anati ndi makina a masiku ano. Analira pang'ono, n'kundidzudzula kuti ndine wouma mtima, kusunga chinthu chotere ndekha abale akuvutika.

Nthawi yoti ndilankhule inalipo, yokwanira bwino. Koma ndinene zoona, ndinkafuna kuti azakhali akhale olondola. Iwo anaiona nkhope imeneyo kuyambira ali ana, akulimbirana chimanga chowotcha. Ine amene ndinaitaya m'miyezi yowerengeka ndikanawatsutsa ndi chiyani? Madzulo ake anakwera kabaza chithunzi chili pamiyendo, atachikulunga m'chitenje, ndipo pakhoma panatsala msomali.

Achimwene anga atachiona anati ndi iwowo, osachita kufunsa. Iwo ngakhale mutawaonetsa mbuzi n'kunena kuti ndi agogo angavomere, bola wanena ndi wamkulu. Anapita nacho ku Lilongwe, kumene anachisindikiza pa matisheti oyera ndi pa kathailosi koti akamatire pachiliza. Ine anandipatsa ntchito yogula zitenje zofanana za azimayi, ndipo ndinaigwira bwino lomwe. Pa ulendo umenewo ndinadutsa pakashopu paja osalowa.

Tsiku lovundukula chiliza kunali mphepo ya mu Julaye, ya fumbi. Akatekisiti anatsogolera mapemphero, kwaya inaimba, kenako azakhali ndi achimwene anachotsa nsalu yoyera. Nkhope ija inaonekera pamwamba pa dzina la bambo, ndipo inalinso pachifuwa cha pafupifupi aliyense amene anaima pamandapo, ine ndemwe. Azimayi analira ngati maliro ndi a dzulo. Madoda amene ankalima nawo fodya anayandikira, kuwerama, n'kumauzana kuti ngakhale kavalidwe ka chipewa ndi komweko. Ine ndinangoima. Ndinaona kuti osindikiza anawonjezera buluu, ndipo ndinaganiza za zinayi zija zinatsala patebulo, kuti pano mwina china chili m'nyumba yometera, china m'chipinda cha alendo ku Katete. Chisoni ndinalibe, manyazi ndinalibenso. Ndinkangomva mphepo m'makutu.

Amayi anali kumbuyo kwenikweni, pamodzi ndi anthu a kumudzi kwathu. Tisheti yawo sanavale, anaipinda n'kuikhalira. Anthu atabwerera kumudzi kukadya, amayi anandikodola n'kupita nane kuseri kwa chigafa cha fodya, kumene kunalibe munthu. Anakhala pa chipika, ine ndinakhala pansi.

"Munthu uja ndi ndani?" anafunsa.

Ndinawauza zonse, za kashopu, za penti, za zisanu zofanana, za mmene azakhali anamvera. Ndinawauzanso chimene ndinali ndisanauzepo munthu, kuti nkhope ya bambo inandithawa kalekale. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, koma anangopukuta fumbi pa bondo lawo. Anati anadziwa atangoona nkhope ya patisheti, koma eni manda ndi azakhali, iwo sangapite kukagumula simenti ya eni ake.

Apo mtima wanga unagunda koyamba chimwalirire bambo. Pamaso panga panali munthu amene anadziwa kuti si bambo, ndiye kuti nkhope yawo yeniyeni anali nayo. Anakhala nawo m'nyumba imodzi zaka zoposa makumi anayi, ankawameta tsitsi ndi lezala pakhonde Loweruka lililonse. Ndinagwada n'kuwagwira mkono.

"Amayi, ndiuzeni. Nkhope yawo inali yotani? Yambani ndi maso."

Anatsegula pakamwa, maso awo n'kutsikira pachifuwa panga. Anayang'ana kumbali, kenako anabwereranso pomwepo.

"Tabisa kaye malaya akowo, akundisokoneza."

Ndinamasula chitenje cha m'chiuno n'kufunda mpaka m'khosi. Amayi anatsinzina. Ndinadikira. Kumudzi kunkamveka mbale ndi ana olimbirana malo, wina ankaitana dzina langa kuti ndikathandize kugawa ndiwo. Milomo ya amayi inkagwedera ngati akuwerenga kolona, dzanja lawo linakwera mpaka pa tsaya lawo, n'kuima pamenepo, n'kutsikanso. Atatsegula maso sanandiyang'ane.

"Anali aatali," anatero.

Ndinadikira kuti apitirize, koma anadzuka, kukutumula chitenje chawo, n'kunena kuti tiyeni, anthu angatidabwe.